Moyo wa Samora Machel ndi ndege imene sinafike ku Maputo

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa likuswa mtengo, alimi a kuno ku Chifunde ali kalikiliki kuthirira nazale za fodya ndi kusosa m'minda, dziko la Mozambique limakumbukira tsiku la 19. Pa tsikuli m'chaka cha 1986, nthawi itapitirira 9 koloko usiku, ndege imene inanyamula mtsogoleri woyamba wa dziko lino, a Samora Moisés Machel, inawomba phiri pa Mbuzini m'dziko la South Africa, pafupi ndi pamene malire a dzikolo amakumana ndi a Mozambique komanso a Swaziland, imene lero ikutchedwa Eswatini. Anthu 35 anataya miyoyo yawo. Mbuzini ndi kutali ndi Mualadzi, N'sadzu kapena Cassacatiza, koma nkhani imene inkawasowetsa tulo a Samora m'masabata awo otsiriza inali ya malire athu omwe ano.

A Samora anabadwa pa 29 Seputembala 1933 ku Chilembene, m'chigwa cha mtsinje wa Limpopo, m'chigawo cha Gaza. Bambo awo, a Mandande Moisés Machel, anali mlimi wolimbika, wa ng'ombe ndi pulawo yake, ndipo pa alimi akuda a nthawi imeneyo sanali wosauka. Koma kulimbika sikunkamuteteza munthu wakuda. Boma la Apwitikizi linkakakamiza mabanja kulima thonje ndi kuligulitsa pa mtengo woikidwa ndi boma lomwelo, ngakhale nkhokwe ya chakudya ili pululu. Ng'ombe ya munthu wakuda pa msika inkagulidwa motchipa kuposa ya mzungu, ngakhale zonse zili zonenepa mofanana. Agogo a kuno amene anaona chibalo, masupayi ndi mbalamatodya sangafune wowamasulira zimenezi. M'zaka za m'ma 1950 Apwitikizi anabweretsa mabanja a alimi ochokera ku Portugal n'kuwapatsa minda yachonde ya m'chigwa cha Limpopo, eni nthaka n'kukankhidwira kouma. Mkulu wawo wa a Samora anakafera ku migodi ya ku Joni.

Banja lawo linali la mpingo wa Chipulotesitanti, koma sukulu zimene boma linkazivomereza kwa ana akuda zinali za mishoni ya Katolika. Pofuna kulemba mayeso a kalasi yachinayi, mnyamatayu anauzidwa kuti ayambe wabatizidwa, ndipo anavomera chifukwa ankafuna setifiketi. Atapambana, ansembe anafuna kuti apite ku seminale. Apa ndiye anakana. Anapita ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo, kukaphunzira unamwino pa chipatala cha Miguel Bombarda, ndipo anagwirako ntchito pa chilumba cha Inhaca. M'chipatalamo anapeza tsankho lomwe lija la pa msika wa ng'ombe: namwino wakuda ndi namwino wachizungu ankagwira ntchito imodzi, malipiro osiyana.

Mu 1961 a Eduardo Mondlane, amene pa nthawiyo ankagwira ntchito ku United Nations, anabwera kudzacheza kwawo, ndipo achinyamata ophunzira a mumzindamo anatengeka nawo mtima. Chaka chotsatira gulu la FRELIMO linakhazikitsidwa ku Dar es Salaam. Apolisi achinsinsi a PIDE atayamba kuwalondalonda, a Samora anazemba mu Malichi 1963, kudzera ku Swaziland ndi South Africa mpaka ku Bechuanaland, imene lero ndi Botswana. Ku Francistown kunali ndege imene gulu la ANC linachita hayala yopita ku Tanganyika. Atsogoleri ake, a J.B. Marks ndi a Joe Slovo, anatsitsa munthu wawo mmodzi kuti namwino wowonda wa ku Mozambique uja apeze mpando. Kuchokera ku Dar es Salaam anatumizidwa ku Algeria kukaphunzira zausilikali, ndipo pobwerera anapatsidwa ntchito yophunzitsa anzawo ku kampu ya Kongwa, kenako ku Nachingwea.

Nkhondo yomenyera ufulu inayamba pa 25 Seputembala 1964. Mkulu wa asilikali, a Filipe Samuel Magaia, ataphedwa mu Okutobala 1966, udindowo unagwera a Samora. Pa 3 Febuluwale 1969 a Mondlane anaphedwa ndi bomba lobisidwa m'phukusi la buku. Gululo linagwedezeka, atsogoleri anakokanakokana, a Uria Simango anachotsedwa, ndipo mu Meyi 1970 a Samora anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa FRELIMO. Mkati mwa zonsezi anakwatira a Josina Muthemba mu 1969, koma banjali silinathe zaka ziwiri. A Josina anamwalira ndi matenda pa 7 Epulo 1971 ali ndi zaka 25, kusiya mwana wakhanda. Tsiku la amayi limene timakondwerera chaka ndi chaka pa 7 Epulo linachokera pamenepo.

Apa ndi pamene mbiri yawo ikulowa m'dera lathu. Mu Malichi 1968 FRELIMO inatsegulanso nkhondo m'chigawo cha Tete, ndipo njira yake inali ya ku Zambia. Ku Malawi kunali kovuta, chifukwa a Kamuzu Banda ankagwirizana ndi Apwitikizi. Kazembe woimira Malawi ku Beira anali a Jorge Jardim, Mpwitikizi wachuma ndi wamphamvu. Choncho zida zochokera ku Tanzania zinkadzera kum'mawa kwa Zambia, n'kulowa m'nkhalango za kumpoto kwa Zambezi pamitu pa anthu. Amene ankasenza anali alimi, amayi ndi atsikana ambiri, Achewa ndi Ansenga amene malire a azungu anawadula pakati, ena kukhala a Chipwitikizi, abale awo a Chingelezi. Amene ankaphika nsima ya asilikali usiku analinso omwewo. Kutacha, asilikali a Chipwitikizi ankabwera kudzafunsa kuti waphikira ndani.

Mu 1970 mkulu wa asilikali a Chipwitikizi, a Kaúlza de Arriaga, anasonkhanitsa asilikali zikwizikwi kuti akathetseretu FRELIMO ku Cabo Delgado. A Samora sanalimbane naye maso ndi maso. Anamwaza asilikali awo m'magulu ang'onoang'ono, mphamvu yambiri n'kuitembenuzira ku Tete, kumene Apwitikizi anali atayamba kumanga damu la Cahora Bassa mu 1969. Damulo FRELIMO sinathe kuliletsa, koma linamangirira asilikali ambiri a Chipwitikizi pa ntchito yolondera, ndipo omenyera ufulu anawoloka Zambezi kulowera kummwera. Yankho la Apwitikizi linali lankhanza. Anthu anasamutsidwa mokakamiza m'midzi yawo n'kuunjikidwa m'midzi yolonderedwa ndi mfuti, ija ankaitcha aldeamento. Pa 16 Disembala 1972 anthu mazanamazana anaphedwa ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, kufupi ndi mzinda wa Tete, ndipo dziko lapansi linamva za izi mu Julayi 1973 wansembe wa ku England, a Adrian Hastings, atazilemba mu nyuzipepala ya The Times.

Pa 25 Epulo 1974 asilikali a ku Portugal, atatopa ndi nkhondo za ku Africa, anagwetsa boma lawo ku Lisbon. Pangano linasainidwa ku Lusaka pa 7 Seputembala chaka chomwecho. Kuyambira mu Meyi 1975 a Samora anayenda mwezi wathunthu kuchokera ku mtsinje wa Rovuma mpaka ku likulu, kuima chigawo ndi chigawo, ndipo pa 25 Juni, pa bwalo la Machava, analengeza ufulu. Anali ndi zaka 41.

Amene anawaona akulankhula amati munthuyo ankadziwa kugwira khamu. Ankatha kuima maola angapo, kufunsa mafunso anthu n'kumayankha, kuyambitsa nyimbo, kuseketsa, kenako kukalipa mpaka bwalo lonse zii. Patangotha mwezi umodzi chilandirire ufulu, pa 24 Julayi 1975, boma linatenga nthaka, sukulu ndi zipatala kukhala za dziko. Lamulo loti nthaka ndi ya boma ndipo sigulitsidwa likadalipo mpaka lero, ndipo mlimi aliyense amene anayendapo nkhani ya DUAT akukhala mumthunzi wa chisankho chimenecho. Katemera amene anayamba mu 1976 anafika kwa anthu oposa 90 pa 100 alionse. Ana a sukulu za pulayimale anachuluka kowirikiza m'zaka zochepa, akuluakulu anayamba sukulu za kwacha, ndipo mu Juni 1980 metical inalowa m'malo mwa escudo. Zonsezi zinachitika m'dziko limene Apwitikizi ambiri anachokamo mwaliwiro, kusiya madokotala owerengeka ndi anthu oposa 90 pa 100 alionse osadziwa kuwerenga.

Koma mbiri ya munthu siikambidwa mbali imodzi, ndipo kuno kumalire mbali inayo imakumbukika bwino. FRELIMO itadzilengeza kukhala chipani cha Marx ndi Lenin mu 1977, inafuna kusintha moyo wa kumudzi mofulumira kwambiri. Mafumu ndi anyakwawa anachotsedwa mphamvu ponena kuti anali zida za atsamunda, m'malo mwawo n'kuikamo masekeletale a chipani. Gule wamkulu, chinamwali ndi asing'anga zinatchedwa zamdima, moti anthu a kudambwe ankavinira mobisa kapena kutsidya kwa malire. Gule yemweyo ndi amene bungwe la UNESCO linadzamulemekeza mu 2005 monga chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia. Alimi anauzidwa kusiya mabwinja a makolo awo ndi kukakhala m'midzi ya pamodzi, kutali ndi minda ndi madimba awo. Kwa munthu wa ku Tete amene anali atangotuluka mu aldeamento, kusiyana kwake kunali kovuta kukuona. Ndalama zambiri za ulimi zinapita ku minda ikuluikulu ya boma ngati CAIA ya ku Angónia, pamene mlimi wa khasu ankasowa khasu lomwelo. Masitolo anauma. Munthu ukagulitsa chimanga unkagwira ndalama yopanda chogula, ndipo mchere, sopo ndi chitenje zinkachokera ku Chadiza, ku Katete kapena ku Malawi podutsa njira zachidule.

Panalinso zoopsa kuposa apa. Anthu ankatengedwa popanda kuweruzidwa kupita ku makampu ophunzitsanso khalidwe, ambiri a iwo ku Niassa. A Uria Simango ndi a Joana Simeão anasungidwa kumeneko ndipo anaphedwa mwachinsinsi. Mu 1983 kunabwera lamulo lokwapula anthu pagulu, ndipo chaka chomwecho anthu zikwizikwi amene analibe mapepala a ntchito anasesedwa m'mizinda n'kukatayidwa kumpoto. Izi zinachitika a Samora ali pampando, ndipo sitingazikankhire kwa ena onse iwo n'kuwasiya oyera. Chimene tingawonjezere n'chakuti ankatha kuona pamene zinthu zapotoka. Mu 1980 ankatulukira mwadzidzidzi m'madoko ndi m'nyumba zosungiramo katundu, kupeza chakudya chikuwola anthu ali pamzere, ndipo akuluakulu ena ntchito inawathera pomwepo. Pa msonkhano waukulu wa chipani wa 1983 anavomereza kuti mlimi wa pabanja ananyalanyazidwa. Koma pofika nthawiyo nkhondo ina inali itayaka kale.

Nkhondoyo mizu yake inali ku Rhodesia. A Samora anali atalola asilikali a ZANLA kudutsa m'chigawo cha Tete ufulu usanabwere, ndipo pa 3 Malichi 1976 anatseka malire ndi boma la a Ian Smith, ngakhale kuti njanji ndi doko la Beira zinkadya kuchokera kumeneko. Rhodesia inabwezera ndi ndege ndi mabomba. Mu Novembala 1977, atangomaliza kupha anthu ku Chimoio, asilikali ake anadzaphulitsa kampu ya ZANLA ku Tembwe, m'mbali mwa mtsinje wa Luia, kwathu konkuno. Akazitape a Rhodesia anathandizanso kukhazikitsa gulu la a André Matsangaissa, limene linadzakhala Renamo. Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, gululo linatengedwa ndi asilikali a South Africa, ndipo linakula msanga chifukwa linapeza anthu akumidzi amene anali ndi madandaulo enieni. Chilala cha 1983 ndi 1984 chinapha anthu ambiri kummwera kwa Tete.

Atapanikizika, a Samora anachita chinthu chimene anzawo ambiri mu Africa sanachimvetse. Pa 16 Malichi 1984, m'mphepete mwa mtsinje wa Nkomati, anagwirana chanza ndi a P.W. Botha, mtsogoleri wa boma latsankho. Mozambique inalonjeza kuleka kusunga asilikali a ANC, South Africa inalonjeza kuleka kuthandiza Renamo. Mbali ya Mozambique inasunga lonjezo. Mu Ogasiti 1985 asilikali a Zimbabwe ndi a Mozambique atalanda likulu la Renamo ku Gorongosa, anapeza mabuku olembedwa tsiku ndi tsiku osonyeza kuti ndege za South Africa zinkabweretsabe zida pangano litasainidwa kale.

Tsopano tafika mu 1986. Boma la Maputo linkanena kuti Renamo ikugwiritsa ntchito dziko la Malawi ngati khomo lolowera ku Tete ndi ku Zambézia. Boma la Malawi linkakana. Pa 11 Seputembala a Samora, a Kenneth Kaunda ndi a Robert Mugabe anapita ku Blantyre kukaonana ndi a Kamuzu Banda, ndipo zokambiranazo sizinali za tiyi. Pobwerera ku Maputo a Samora anauza atolankhani kuti ngati zinthu sizisintha atseka malire ndi Malawi ndipo aika mizinga m'malirewo. Tangoganizani tanthauzo lake kwa munthu wa ku Chifunde, ku Macanga kapena ku Angónia, amene chigayo, chipatala ndi apongozi ake zili kutsidya. Masabata otsatira, magulu akuluakulu a Renamo anasefukira m'maboma a m'malire. Mutarara ndi Milange zinagwa, Ulongwe inatsatira pambuyo pake, ndipo anthu zikwi makumimakumi anathawira ku Malawi ndi katundu wa pamutu.

Kummwera nakonso kunali kotentha. Pa 6 Okutobala bomba lokwiriridwa pansi linavulaza asilikali 6 a South Africa pafupi ndi malire a Mozambique. Nduna ya zachitetezo ya dzikolo, a Magnus Malan, inaopseza a Samora powatchula dzina, ndipo patapita masiku awiri South Africa inalengeza kuti ileka kulemba anthu a ku Mozambique ntchito za m'migodi. Mtolankhani Carlos Cardoso analemba m'masiku omwewo kuti moyo wa mtsogoleriyu uli pangozi. Atsogoleri a mayiko oyandikana ndi South Africa anali atagwirizana zokambirana ndi anansi awiri amene ankawakayikira. Za a Banda zinali zitachitika. Wotsala anali a Mobutu Sese Seko a ku Zaire, amene dziko lawo linali njira ya zida zopita kwa UNITA ku Angola. Msonkhanowo unaikidwa ku Mbala, kumpoto kwa Zambia, Lamulungu pa 19 Okutobala, ndipo kunali a Kaunda, a José Eduardo dos Santos a ku Angola, a Mobutu ndi a Samora.

Ndege ya mtsogoleriyu inali Tupolev 134, yopangidwa ku Soviet Union mu 1980, ndipo oyendetsa ake asanu anali a dziko lomwelo, motsogozedwa ndi a Yuri Novodran. Inanyamuka ku Maputo m'mawa, n'kuima ku Lusaka kumwa mafuta, n'kupitirira ku Mbala. Msonkhano utatha, inanyamuka nthawi ya 18:38 ndi anthu 44, ndipo inkayembekezeka ku Maputo cha m'ma 21:25. Ulendo wonse unayenda bwino mpaka pamene inayamba kutsika. Cha m'ma 21:10, ili kumpoto kwa Maputo, ndegeyo inakhota madigiri 37 kudzanja lamanja. M'malo molunjika ku bwalo la ndege la m'mphepete mwa nyanja, inalunjika ku mapiri a Lebombo.

Ndege ikamayenda usiku imatsata chizindikiro cha wailesi chochokera ku chipangizo cha pansi, chimene oyendetsa ndege amachitcha VOR. Bwalo lililonse lili ndi nambala yake, monga momwe nyumba za wailesi zimakhalira pa wailesi yanu ya m'nyumba. Mawu amene anajambulidwa m'chipinda cha oyendetsa akusonyeza kuti mkulu wa ndegeyo anadabwa ndi kukhotako, ndipo woona za njira anamuyankha kuti chizindikiro cha VOR chikuloza komweko. Anapitiriza kutsika akukhulupirira kuti Maputo ali kutsogolo. Posaona magetsi a mzinda, anaganiza kuti magetsi azima, zimene sizinali zachilendo masiku amenewo pamene mapolo a magetsi ankagwetsedwa kawirikawiri. Anafunsa wa pansanja ya bwalo la ndege za nyali za msewu wotera ndege, ndipo mbali ziwirizi sizinamvane bwino. Belu lochenjeza kuti nthaka yayandikira linalira kwa masekondi 32, koma ndege sinakwezedwe. Nthawi ya 21:21 inawomba phiri, mamita pafupifupi 150 mkati mwa South Africa, makilomita 65 kumadzulo kwa Maputo.

Anthu 34 anafera pomwepo, 10 anapulumuka, ndipo mmodzi wa opulumukawo anadzamwalira m'chipatala pambuyo pake. Pamodzi ndi a Samora panafa nduna ya zamtengatenga a Alcântara Santos, wachiwiri kwa nduna ya zakunja a José Carlos Lobo, alangizi awo a Aquino de Bragança ndi a Fernando Honwana, kazembe wa Zambia a Cox Sikumba, kazembe wa Zaire, madokotala, atolankhani, alonda ndi ogwira ntchito m'ndege. Mmodzi wa alonda, a Fernando Manuel João, anayenda ndi mabala ake mumdima kukafuna thandizo m'mudzi wapafupi. Opulumuka anadzanena kuti apolisi a South Africa atafika anatanganidwa ndi kutola mapepala ndi zikwama, ovulala akubuula. Boma la Maputo linauzidwa kutacha, patapita maola oposa 9. A Samora anali ndi zaka 53. Anaikidwa pa 28 Okutobala pa Praça dos Heróis ku Maputo, ndipo a Joaquim Chissano analowa m'malo mwawo mu Novembala.

Chinakhotetsa ndegeyo n'chiyani? Funso ndi limeneli, ndipo mayankho alipo awiri amene sanakumanepo.

South Africa, itasunga kwa masabata angapo mabokosi ojambula mawu ndi kayendedwe ka ndege, inakhazikitsa bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Cecil Margo, mmene munalinso akatswiri a ku Britain ndi America. Bungwelo linamva umboni ku Johannesburg mu Januwale 1987, ndipo linaloza chala oyendetsa ndege. Linati sanatsate ndondomeko yotsikira, anapitirira kutsika pansi pa malire ololedwa asakuona bwalo, ndipo ananyalanyaza belu lochenjeza. Za kukhota kuja linati mwina anatchera molakwa nambala ya bwalo la Matsapha ku Swaziland, 112.3, m'malo mwa ya Maputo, 112.7. Mphekesera imene nduna ya zakunja a Pik Botha anafalitsa masiku oyambirira, yoti oyendetsawo anali atamwa mowa, bungwe lomwelo silinaivomereze.

Soviet Union inakana zimenezi. Akatswiri ake anati panali chipangizo chonyenga chimene chinaikidwa dala m'mapirimo, chowulutsa pa nambala ya Maputo mwamphamvu kuposa chenichenicho, kuti chikokere ndegeyo kumapiri. Mozambique nayo sinavomereze lipoti la a Margo, ponena kuti gwero la chizindikiro chimene ndege inatsata liyenera kufufuzidwa kaye. Ambiri anafunsanso chifukwa chimene South Africa, yokhala ndi zida zoonera ndege zoyandikira malire ake, sinachenjeze ndege imene inkalunjika m'dera lake lolonderedwa kwambiri.

Kunena mwachilungamo, zolakwa za oyendetsa zikumveka m'mawu ojambulidwa aja, ndipo belu lolira theka la mphindi si nkhani yopeka. Koma zolakwazo zikufotokoza chifukwa chimene ndege sinapulumuke itasochera. Sizikufotokoza mokhutiritsa chimene chinaisocheretsa. Ndipo boma limene linkafufuza ndi lomwe lija linaswa pangano la Nkomati, lomwe nduna yake inali itangomuopseza mwini ndegeyo masabata awiri m'mbuyomo. Fisi akakhala woweruza pa mlandu wa mbuzi, ngakhale ataweruza molondola, mudzi suvomera. Mbali inayi, chipangizo chonyengacho palibe anachigwira n'kuchiika poyera, ndipo anthu amene anadzatulukira m'zaka zotsatira kunena kuti anatengako mbali, nkhani zawo sizinayesedwe m'khoti.

Dzina la Malawi linalowanso m'nkhaniyi. Ku Harare achinyamata okwiya anaphwanya maofesi a South Africa ndi a Malawi, ndipo ku Maputo ofesi ya kazembe wa Malawi inaonongedwa. Mu Novembala a Pik Botha anaonetsa atolankhani mapepala amene anati anatoledwa pa malo a ngozi, osonyeza kuti Mozambique ndi Zimbabwe zinkakonza zogwetsa boma la a Banda. Mayiko awiriwo anakana. Chodabwitsa n'chakuti mu Disembala chaka chomwecho Malawi ndi Mozambique zinasainirana pangano la chitetezo, ndipo mu 1987 asilikali a Malawi anayamba kulondera njanji ya ku Nacala mkati mwa Mozambique. Mizinga ija siinaikidwe, malire sanatsekedwe. Malire omwewo ndi amene anapulumutsa anthu: pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 Malawi inkasunga othawa nkhondo a ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni, ndipo ena a kuno anakakhala ku Ukwimi m'boma la Petauke ku Zambia, mpaka mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992.

Boma latsankho litatha, anthu anayembekezera kuti zobisika zituluka. Mu 1998 bungwe la choonadi ndi chiyanjano la South Africa, lotsogozedwa ndi a Desmond Tutu, linamva mboni m'chipinda chotseka, kuphatikizapo mayi Graça Machel, amene a Samora anawakwatira mu 1975 ndipo anadzakwatiwa ndi a Nelson Mandela mu 1998. Bungwelo linati silinapeze umboni wokwanira kutsimikizira mbali iliyonse, koma nkhani ya chipangizo chonyenga ndi ya kusachenjeza kwa South Africa zikadali zosayankhidwa, ndipo linapempha kuti kafukufuku apitirire. Mu 2006 boma la a Thabo Mbeki linalonjeza kutsegulanso nkhaniyi. Mu 2012 kunamveka kuti apolisi apadera a Hawks ayamba kufufuza mothandizana ndi Mozambique. Palibe munthu amene anaimbidwapo mlandu m'khoti lililonse.

Pa phiri la Mbuzini pali chikumbutso chimene anajambula katswiri wa zomangamanga wa ku Mozambique, a José Forjaz, ndipo a Mandela ndi a Chissano anachitsegula pa 19 Januwale 1999. Pali mapaipi achitsulo 35 oimikidwa, imodzi pa munthu aliyense amene anafa, obooledwa mwakuti mphepo ikawomba amalira. Zidutswa za ndegeyo zinasiyidwa pomwepo, m'munsi mwa mapaipiwo.